Musanagwetse nyumbayo, tiuzeni chimene yalakwa

Mu 2012, nyumba ya maofesi ya nsanjika 52 imene inali pa 270 Park Avenue mumzinda wa New York inalandira satifiketi ya LEED Platinum. Imeneyi ndiyo satifiketi yapamwamba kwambiri mwa masatifiketi a LEED, amene amaperekedwa kwa nyumba zosawononga chilengedwe. Eni ake, a banki ya JPMorgan Chase, anali atangoikonza kumene. Patangodutsa zaka 6, mu 2018, banki yomweyo inalengeza kuti nyumbayo igwetsedwa, ndipo pofika 2021 inali itaphwasulidwa yonse mpaka pansi. Nyumbayi inamangidwa mu 1960 ngati likulu la kampani ya Union Carbide, ndipo pa nthawi imene inkagwetsedwayo panali pasanaonekepo nyumba ina yaitali choncho imene eni ake anaigwetsa mwa kufuna kwawo.

Pamalopo pano paima ina yaitali kuposa yoyambayo, yogwiritsa ntchito magetsi okhaokha, ndipo nayonso ikutamandidwa kuti ndi yosamala chilengedwe. Sindikutsutsa kuti ndi nyumba yabwino. Funso langa ndi lakuti, nanga mpweya wa kaboni wotenthetsa dziko umene unatuluka popanga zitsulo, simenti ndi magalasi a nyumba yatsopanoyi, pomwe pamalopo panali kale ina yolimba, walembedwa m'buku la ndani?

Maganizo anga ndi awa: nyumba yakale ya maofesi yapakati pa mzinda iyenera kukonzedwa, ndipo amene akufuna kuigwetsa ndiye ayenera kutuluka thukuta pofotokoza chifukwa chake. Panopa zinthu zili chadodolido. Wofuna kugwetsa amangosonyeza chithunzi chokongola cha nyumba yatsopano, pamene wofuna kusunga yakaleyo ndiye amafunsidwa mafunso ngati wapalamula mlandu.

Nyumba iliyonse imakhala ndi mabilu awiri a kaboni. Yoyamba ndi imene tonse timaidziwa, yobwera mwezi ndi mwezi: magetsi owunikira, makina oziziritsa ndi otenthetsa mpweya, zikepe, makompyuta. Yachiwiri imalipiridwa yonse kamodzin'kamodzi, chitseko chisanatsegulidwe ndi komwe. Imeneyi ndi ya mpweya umene umatuluka pokumba miyala, powotcha simenti, posungunula zitsulo, popanga magalasi ndi aluminiyamu, komanso ponyamula zonsezi kupita nazo pamalo omangira. Kwa zaka zambiri omanga nyumba akhala akungokamba za bilu yoyamba ija. Ndi yosavuta kuionetsa, ndipo imathandiza kutsatsa malonda. Yachiwiriyi ankaikwirira.

Za simenti ndiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti vuto lake ndi malasha amene amasonkhezera ng'anjo basi. Popanga simenti, miyala ya laimu imawotchedwa mpaka kutentha kufike pa madigiri pafupifupi 1,450. Ikapsa, miyalayo payokha imatulutsa mpweya wa kaboni umene unali m'kati mwake, ndipo mpweya wochokera m'miyalawu ndi woposa theka la mpweya wonse umene fakitale ya simenti imatulutsa. Ndiye kuti ngakhale mutapeza njira yotenthetsera ng'anjoyo popanda utsi uliwonse, mwalawo udzapumabe mpweya wake. N'chifukwa chake makampani a simenti okha amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lapansi, ndipo opanga zitsulo sali patali ndi chiwerengero chimenechi. Tsono m'nyumba yaitali ya maofesi, simenti ndi zitsulo zimadzadza kuti? M'maziko, m'nsanamira, m'mitanda ndi pansi pa nsanjika iliyonse. Chigoba chimenechi ndicho chimasenza zoposa theka la kaboni yense wa ntchito yomanga. Ndipo n'chimene sichikalamba msanga. Mapaipi amachita dzimbiri, mawaya amatha, mawindo amayamba kulowetsa mphepo, koma chigoba chomangidwa bwino chimaima zaka 100 osadandaula. Pogwetsa nyumba ya zaka 50 chifukwa choti makina ake oziziritsa atopa, timakhala tikutaya chinthu chimodzi chokhacho chimene chinalibe vuto.

Ogwetsa amakhala ndi yankho lokonzeratu, lakuti zinthu za m'nyumba yakaleyo sizitayidwa, zigwiritsidwanso ntchito. A banki ya ku New York ija ananena kuti 97 peresenti ya zinthu zochokera m'nyumba yawo yakale sizinapite kudzala. Chabwino. Koma tiyeni tizitsatire kumene zimapita. Zidutswa za konkire zimaphwanyidwa n'kukathiridwa pansi pa misewu kapena kukwirira maenje. Sizibwereranso kukhala simenti. Zitsulo zimasungunulidwanso, zimene zimadya mphamvu zina zambiri. Nsanamira imene inkanyamula nsanjika 50 ikasanduka miyala ya mumsewu, tingati sinatayike, koma ntchito imene inkagwira yatayika, ndipo pafunika kuwotcha simenti wina kuti papezeke ina yolowa m'malo mwake.

Yankho lawo lachiwiri ndi lamphamvuko. Amati nyumba yatsopano imadya magetsi ochepa, choncho pakapita nthawi idzabweza ngongole yake ya kaboni. Ndi zoona. Koma nthawiyo ndi yaitali bwanji? Bungwe la National Trust for Historic Preservation la ku America linawerengetsera zimenezi pa mitundu yosiyanasiyana ya nyumba m'mizinda ya nyengo zosiyana, n'kupeza kuti nyumba yatsopano yodya mphamvu zochepa ndi 30 peresenti poyerekeza ndi nyumba wamba imatenga zaka zapakati pa 10 ndi 80 kuti ibweze zimene inawononga pomangidwa. Pamenepa n'kuti ikuyerekezeredwa ndi nyumba yakale imene ikungogwira ntchito mwa masiku onse. Mukaikonza yakaleyo kuti nayonso izidya zochepa, mpata umachepa kwambiri ndipo zakazo zimachuluka.

Pali chinanso chimene chimapangitsa lonjezo la mtsogololi kukhala lofooka chaka ndi chaka. Magetsi a m'mayiko ambiri akuyera. Dziko la Britain, kumene magetsi a malasha anayambira, linatseka malo ake omaliza opangira magetsi ndi malasha, a Ratcliffe-on-Soar, mu September 2024. Magetsi akamachokera kudzuwa, kumphepo ndi kumadzi, mpweya umene mumapulumutsa posadya magetsi ambiri umachepa, pomwe mpweya wa simenti uja unatuluka kale wonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Mpweya wa kaboni ukakwera kumwamba gawo lake lalikulu limakhalako zaka mazanamazana likutenthetsa dziko. Kutulutsa matani 40,000 chaka chino n'cholinga choti mudzapulumutse pang'onopang'ono mpaka 2070 kuli ngati kugulitsa mbewu yobzala n'kumalonjeza ana kuti adzadya zokolola. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tsopano ndiwapatse mpata otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo, ndipo ena mwa iwo ndi mainjiniya amene manja awo anagwirapo nyumba zoterezi.

Nyumba zambiri za maofesi za m'ma 1960 ndi 1970 zili ndi siling'i wotsika, moti mukaikamo mapaipi a mpweya ndi mawaya a masiku ano mutu umatsala pang'ono kugunda kumwamba. Zina ndi zotambalala kwambiri, wokhala pakati saona dzuwa tsiku lonse. Zambiri zili ndi asibesitosi, amene fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa, ndipo kumuchotsa ndi ntchito yodula komanso yofuna kusamala. Zikepe zimakhala zochepa, masitepe othawira moto ndi opanikiza, woyenda pa njinga ya olumala sangalowe pakhomo lalikulu. Mwina madzi analowa m'konkire, zitsulo za m'kati n'kuchita dzimbiri ndi kutupa mpaka kusweka. Palinso nkhani ya malo. Nyumba yakale ya ku Park Avenue ija inamangidwira anthu pafupifupi 3,500 koma munkagwira ntchito anthu pafupifupi 6,000. Ngati nyumba yaing'ono yaima pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima, kumanga yaikulu pamalopo kungachititse kuti anthu masauzande asiye magalimoto kunyumba, ndipo kumeneko n'kupulumutsanso mpweya.

Zonsezi ndikuzivomera, ndipo ndikuvomeranso kuti nyumba zina ziyenera kugwa. Chimene ndikukana ndi kutenga mavutowa ngati chigamulo pomwe ndi mafunso chabe oti injiniya ayankhe. Ku Sydney kuli nyumba imene inkatchedwa AMP Centre, yomangidwa mu 1976. Inali ndi madandaulo onse odziwika aja: nsanjika zake zinali zazing'ono, makampani akuluakulu sankaifunanso. M'malo moigwetsa, akatswiri a mapulani a kampani ya 3XN ya ku Denmark anasunga pafupifupi 65 peresenti ya nsanamira, mitanda ndi pansi pake, pamodzi ndi 95 peresenti ya makoma apakati amene mumadutsa zikepe, n'kulumikizako chigawo chatsopano cham'mbali. Itatha mu 2022, pansi pa dzina latsopano la Quay Quarter Tower, malo a maofesi anali atawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo omangawo anawerengera kuti anapewa kutulutsa matani 12,000 a kaboni. Sinali ntchito yophweka. Konkire yatsopano imafupika pang'ono ikamauma ndi kulemedwa, pomwe yakale inamaliza kale kutero, choncho mainjiniya anayenera kuika zipangizo zoyezera m'nyumba monse kuti mbali ziwirizi zisakokane. Koma zinatheka, ndipo mwini nyumba anapeza zonse zimene akanazipeza pogwetsa, nthawi yomanga n'kufupikanso.

Ndisanamize munthu kuti kukonza kulikonse n'kwabwino. Nyumba ya Grenfell Tower ku London, imene inapsa mu June 2017 n'kupha anthu 72, inali itangokonzedwa kumene, ndipo zimene zinafalitsa motowo ndi zinthu zimene anaikuta nazo kunja. Inali nyumba yogonamo, osati ya maofesi, koma phunziro lake silisankha mtundu wa nyumba. Aliyense wokamba zokuta makoma kuti asunge kutentha ayenera kuyamba wafunsa ngati chinthucho chimayaka.

Mtundu wina wa kukonza umene umandikwiyitsa ndi wongofuna kuoneka. Amasasula nyumba yonse kutsala chigoba, n'kuiveka magalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuika timitengo pakhonde ndi mapanelo a sola angapo padenga, kenako n'kuitana atolankhani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma la magalasi okhaokha limalowetsa kutentha kwa dzuwa masana ndi kutaya kutentha nthawi yozizira kuposa khoma wamba, ndipo aluminiyamu wogwira magalasiwo ndi chimodzi mwa zinthu zodya magetsi ambiri popangidwa. Mapanelo a padenga la nyumba ya nsanjika 30 angakwanitse gawo laling'ono chabe la magetsi amene nyumbayo imafuna, chifukwa denga ndi limodzi koma nsanjika ndi 30.

Kukonza kwenikweni n'kosasangalatsa kukuonera, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Empire State Building, imene inatsegulidwa mu 1931. Ntchito yake itayamba mu 2009, sanagule mawindo atsopano. Anatsegula kamalo kogwirira ntchito m'nyumba momwemo, n'kumachotsa mawindo ake 6,514 pang'onopang'ono, kuwatsuka, kuika kapepala kopyapyala kotchinga kutentha pakati pa magalasi awiri, kuthiramo gasi wosalola kutentha kudutsa, n'kuwabwezera pamalo pake. Pafupifupi 96 peresenti ya magalasi ndi mafelemu akale anagwiritsidwanso ntchito. Kuseri kwa zotenthetsera zipinda anaikako zotchinga kuti kutentha kuzilowa m'chipinda m'malo mothawira kukhoma. Anakonza kawunikidwe, n'kuika zipangizo zoti ochita lendi aziona okha magetsi amene akudya. Chimene chinatsatira ndicho chinsinsi cha ntchito yonseyi. Popeza kutentha kolowa m'nyumbamo kunachepa, sipanafunikenso kugula makina oziziritsa atsopano ndi aakulu monga ankaganizira poyamba. Anangokonza akale omwewo, ndipo ndalama zimene zinapulumuka apo zinathandiza kulipira zina zija. Cholinga chinali kuchepetsa mphamvu zimene nyumbayo imadya ndi 38 peresenti, zomwe ndi madola pafupifupi 4.4 miliyoni pachaka.

Dongosolo lake ndi limenelo. Mumayamba mwatseka mipata imene mphamvu zikuthawira, kenako n'kugula makina olingana ndi zimene zatsala. Mukayamba ndi makina, mumagula aakulu oti azilimbana ndi mawindo otayikira, n'kukhala nawo zaka 25. Kumayiko ozizira, gawo lomaliza limakhala kuchotsa mabayila a gasi n'kuika ma heat pump, makina amene sapanga kutentha koma amakusamutsa kuchoka kunja kulowa m'nyumba, moti pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka mayuniti atatu kapena anayi a kutentha. Amagwira bwino ntchito nyumba ikakhala yotsekeka bwino, n'chifukwa chake amabwera kumapeto.

Pali kuwononga kwina kumene sikukambidwa kawirikawiri chifukwa kumachitika kuseri kwa zitseko. Mwini nyumba akafuna kupeza wochita lendi, amaika siling'i watsopano, mababu atsopano ndi makapeti kuti malowo aoneke bwino. Wochita lendi akasaina, amabwera ndi wojambula mapulani wake, n'kuzula zambiri mwa zimenezi zisanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Mgwirizano wa lendi ukatha amauzidwa kuti abwezeretse malowo mmene anawapezera, ndiye amazulanso zake. Wotsatira amayambiranso. Pa moyo wa nyumba imodzi zimenezi zimachitika kambirimbiri. Mwini nyumba amene amanyadira kuti anasunga nsanamira zakale koma amalola kuti siling'i watsopano azitayidwa zaka zingapo zilizonse akutunga madzi ndi dengu.

Nanga ngati kukonza kuli ndi phindu chonchi, n'chifukwa chiyani sikuchitika kokha? Chifukwa chimodzi n'chakuti wolipira ntchitoyo ndi wina, wodya phindu lake ndi wina. Mawindo amakonzedwa ndi ndalama za mwini nyumba, koma bilu ya magetsi imene yatsikayo ndi ya wochita lendi. Chifukwa china n'chakuti nyumba yakale imabisa zinthu. Kontrakitala sadziwa chimene akapeze akatsegula khoma, ndiye amakweza mtengo kuti adziteteze, ndipo banki yobwereketsa ndalama imakonda pulani yoyera ya nyumba yatsopano. Apa mpamene malamulo amafunika, koma malamulo ake ayenera kukhala ndi maso awiri.

Ku Netherlands, kuyambira pa 1 January 2023, ofesi yaikulu kuposa masikweya mita 100 siloledwa kugwiritsidwa ntchito ngati ili pansi pa giredi C pa kadyedwe ka mphamvu. Mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lotchedwa Local Law 97 mu 2019, limene limaika malire a mpweya pa nyumba zazikulu ndi kulipiritsa madola 268 pa tani iliyonse yopitirira malirewo. Ndi malamulo abwino, ndipo agwedeza eni nyumba amene ankagona. Koma onsewa amayang'ana bilu ya mwezi ndi mwezi yokha ija. Mwini nyumba wochenjera angathe kuona kuti njira yachidule yokhalira pamzere ndi kugwetsa ndi kumanga yatsopano, lamulo n'kumuombera m'manja. France, kuyambira mu 2022, ndi Denmark, kuyambira mu 2023, anayamba kuika malire pa mpweya wa zipangizo zomangira nyumba zatsopano. Malamulo a mitundu iwiriyi ayenera kuyendera limodzi. Ndipo poyeza kadyedwe ka mphamvu, njira ya ku Australia yotchedwa NABERS ndiyo ndimaikhulupirira, chifukwa imapereka nyenyezi potengera zimene mamita awerenga chaka chonse, osati zimene kompyuta inalosera nyumba isanamangidwe. Nyumba zambiri zatsopano zimadya mphamvu zoposa zimene mapulani ake analonjeza, nthawi zina kuwirikiza, ndipo satifiketi yopachikidwa polandirira alendo sinena zimenezo.

Chimene ndikanakonda kuona m'khonsolo ya mzinda uliwonse n'chosavuta. Wofuna chilolezo chogwetsa nyumba ya maofesi abweretse ziwerengero zitatu patebulo: mpweya umene utuluke akangoikonza pang'ono, umene utuluke akaikonza kwambiri ndi kuiwonjezera, ndi umene utuluke akaigwetsa n'kumanga ina. Ziwerengerozo ziunikidwe ndi katswiri amene salipidwa ndi wogwetsayo, chifukwa n'zosavuta kujambula dala pulani yokonza yopanda nzeru kuti ya kugwetsa ioneke yabwino. Chigawo cha City of London chinayamba kufunsa omanga kuti azifananitsa njira motere mu 2023.

Mlandu umene unaonetsa kuti nkhaniyi yafika pati ndi wa sitolo ya Marks & Spencer ya mumsewu wa Oxford Street, ku London komweko. Kampaniyo inkafuna kugwetsa nyumba yake ya cha m'ma 1930 pamodzi ndi zina ziwiri zoyandikana nayo, n'kumanga ya nsanjika 10 yokhala ndi sitolo pansi, maofesi pamwamba. Ntchitoyo inkayembekezeka kutulutsa matani pafupifupi 40,000 a kaboni. Mu July 2023 nduna Michael Gove inakana kupereka chilolezo, ndipo mpweyawo unali chimodzi mwa zifukwa zake. Mu March 2024 khoti lalikulu linathetsa chigamulo cha ndunayo, mwa zina ponena kuti mfundo za boma za kamangidwe zinalibe lamulo lamphamvu lokondera kusunga nyumba zakale monga mmene ndunayo inaziwerengera. Boma litasintha, nduna ina, Angela Rayner, inavomereza mu December 2024 kuti nyumbazo zigwetsedwe. Woweruza wa khoti lalikulu uja sananene kuti matani 40,000 ndi ochepa. Anangotsegula buku la mfundo za boma n'kupeza kuti tsamba limene nduna Gove inkadalira linali lisanalembedwe.